Kulima maluwa a godetia pakhomo: malangizo kwa mabanja a ku Biriwiri ndi midzi yozungulira

Amayi ndi abambo a ku Biriwiri, Lizulu ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa M1, pamene msewuwu ukutsata malire a dziko lathu ndi Mozambique, inu dimba mumalidziwa. Kabichi, tomato, anyezi, karoti ndi mbatatesi zimene zimadzaza msika wa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano zimachoka m'manja mwanu. Ndiwo zimenezi zimachita bwino kuno chifukwa cha kuzizira kwa kumtunda, ndipo kuzizira komweko ndi kumene duwa lotchedwa godetia limafuna. Munthu wa ku chigwa cha Bwanje kapena ku Balaka angavutike nalo chifukwa cha kutentha, koma inu nyengo ili kumbali yanu.

Pali chinthu chimodzi choti mugwiritse musanapitirire kuwerenga. Luso limene limakupatsani kabichi wamkulu ndi lomwelo lingakuphereni godetia. Kufesa pa nazale n'kuwokera, kuthira feteleza kawiri, kuthirira mpaka bedi litadzaza, zonsezi godetia sazifuna. Iye amafuna nthaka yosanona kwambiri, madzi a muyeso, ndi kuti mumusiye pamalo pamene wamerera.

Duwalo ndi lotani

Godetia ndi duwa la chaka chimodzi: amamera, amachita maluwa, amabereka njere, kenako amauma. Kwawo ndi kumadzulo kwa North America, kuyambira ku British Columbia m'dziko la Canada kutsika mpaka ku California, kumene amamera yekha m'mapiri oyang'ana kunyanja. M'mabuku a zomera dzina lake ndi Clarkia amoena, pokumbukira William Clark amene anayenda m'madera amenewo pakati pa 1804 ndi 1806. Dzina lakuti godetia linachokera kwa Charles Godet, katswiri wa zomera wa ku Switzerland. Mayina onse awiri muwadziwe, chifukwa pa paketi ya mbewu pamalembedwa lina mwa awiriwa.

Duwa lake limatseguka ngati kakapu ka masamba anayi ofewa, onyezimira dzuwa likawomba. Mitundu yake ndi pinki, yofiira, yoyera, yofiirira motuwa, ndipo ambiri amakhala ndi banga la mtundu wina pakati kapena mzere woyera m'mphepete. Masamba a mtengo wake ndi aang'ono, osongoka, ndipo tsinde ndi lowonda. Pali godetia wamfupi wa masentimita 20 mpaka 30, woyenera m'mphepete mwa khonde ndi m'zitini, ndi wamtali wa masentimita 60 mpaka 90, woyenera kuthyola. Pa mapaketi ochokera kunja, dzina lakuti Satin ndi la wamfupi, lakuti Grace ndi la wamtali.

Kwawo ku California amamera nthawi yozizira pamene pali chinyezi, n'kuchita maluwa mvula ikatha, chilimwe chisanafike pachimake. Mukamvetsa zimenezi, mwamvetsa kale nthawi yofesera kwathu kuno.

Nthawi yofesa

Fesani mvula ikangosiya, kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumapeto kwa Meyi. Nthaka imakhala idakali ndi chinyontho, usiku wayamba kuzizira, ndipo mvula yamphamvu imene ingakokolole njere yapita. Mbande zimakula pang'onopang'ono mu Juni ndi Julaye, ndipo musade nkhawa mukaona zikuchedwa: zimakhala zikuzika mizu. Masana akayamba kutalika mu Ogasiti ndi Seputembala, maluwa amatuluka. Kuyambira kufesa mpaka duwa loyamba werengerani miyezi itatu, mwina inayi ngati chaka chazizira kwambiri.

Mukachedwa mpaka Julaye kapena Ogasiti, kutentha kwa Okutobala kudzapeza mbewu zisanakhwime, ndipo zidzachita timaluwa tochepa pa tsinde lalifupi n'kupserera. Kufesa mu Disembala pamodzi ndi chimanga ndiye kutaya mbewu. Mvula ya tsiku ndi tsiku ndi kutentha kwa dzinja zimawoletsa tsinde ndi mizu.

Ngati muli ndi njere zokwanira, zigaweni pawiri. Zina fesani mu Epulo, zina patatha masabata atatu. Bedi loyamba likamatha maluwa, lachiwiri limakhala lidakali ndi maluwa.

Malo ndi nthaka

Sankhani malo amene dzuwa la m'mawa limafika bwino, makamaka kum'mawa kapena kumpoto kwa nyumba, chifukwa m'miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto. Kum'mwera kwa khoma kumakhala mthunzi nthawi yaitali, ndipo godetia wa mumthunzi amatalika moonda n'kugwa. Pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi bulugama musayesere, mizu ya mitengoyi imamwa madzi onse.

Mphepo ya mwera imawomba mwamphamvu kuno kumtunda. Bedi likhale kuseri kwa mpanda wa udzu kapena wa mapesi, koma mpandawo usaliphimbe ku dzuwa. Mpanda ndi wofunikanso chifukwa cha ziweto. Mukudziwa kuti zokolola zikachoka m'munda mbuzi zimamasulidwa, ndipo mu Ogasiti, tchire lonse litauma, kabedi kobiriwira pakhomo ndi kamene zimathamangira. Nkhuku nazo zimapalasa bedi lofesedwa kumene n'kumwaza njere zonse m'mawa umodzi. Mangani mpanda musanafese, osati mutafesa.

Nthaka yabwino ndi yosakanikirana ndi mchenga, imene madzi amalowa msanga osadikha. Katondo wofiira wa kumtunda ndi wabwino mukamugaula bwino n'kuphwanya zibuma. Makande a kudambo, amene amamata akanyowa n'kung'ambika akauma, ndi oipa kwa duwa ili. Kudambo kulinso vuto lina: usiku wa Juni ndi Julaye chisanu chimatsikira kumeneko n'kukhazikika. Mbande za godetia zimapirira kuzizira, koma kuzizira kophatikizana ndi nthaka yonyowa nthawi zonse kumazipha. Ndiye ngakhale madzi ali pafupi kudimba, ndi bwino kulima duwali pakhomo kapena cha kumtunda kwa dimbalo.

Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi, kuti muzifika pakati osapondapo, ndi mamita awiri kapena atatu m'litali. Likwezeni masentimita 10 mpaka 15. Ngati dothi ndi lolemera, thiranimo ndowa ziwiri kapena zitatu za mchenga wa kumtsinje. Manyowa akhale a kompositi owolerana bwino, ndowa imodzi yokha pa bedi lonselo. Ngati pamalopo munalimapo kabichi kapena mbatatesi zothira feteleza, musathirenso kanthu, chotsalira m'nthakamo n'chokwanira.

Apa ndi pamene alimi akhama amalakwitsa, ndipo amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Munthu amaona mbande zowonda, amamva chisoni, amatapa Urea kapena CAN wotsala ku chimanga, kapena zitosi za nkhuku zaziwisi, n'kuthira. Masabata awiri akapita mbewu zabiriwira bii, masamba ambirimbiri, tsinde lafewa. Mphepo ikawomba zonse zagona, ndipo maluwa amatuluka owerengeka. Feteleza wanu musungireni ndiwo, ndi wodula kale.

Kufesa

Njere za godetia ndi zazing'ono kwambiri, pa galamu imodzi pamakhala zoposa 1,000. Paketi imodzi ndi yokwanira bedi lonse. Amene anafesapo fodya pa nazale ntchitoyi aidziwa kale, kusiyana kwake n'kwakuti apa mbande sizidzasamuka.

Madzulo a tsiku loti mawa mufesa, thirirani bedi mokwanira, lisalazeni ndi dzanja kapena thabwa, muchotse timiyala ndi mizu ya udzu. M'mawa tengani kapu imodzi ya mchenga wouma wosefa, thiranimo njere zimene mwatapa ndi zala zitatu, sakanizani bwinobwino m'mbale. Mchengawo umathandiza kuti njere zisagwere pamodzi, komanso umaonetsa pamene mwafesa kale chifukwa ndi woyererapo kuposa dothi.

Jambulani timizere ndi kamtengo, motalikirana masentimita 25, tosazama, tongokanda pamwamba. Wazani mchenga wa njere uja m'timizeremo. Mukatha, musakwirire ndi khasu kapena phazi. Njerezi zimamera bwino zikamaona kuwala, ndipo mukazikwirira ngakhale ndi dothi lofika chala chimodzi m'kuya, zambiri sizituluka. Tengani thabwa, lisanjikeni pa mzere, dinikizani pang'ono ndi manja kuti njere zigwirane ndi nthaka. Ngati kuli mphepo, wazani mchenga wopyapyala kwambiri pamwamba, woti dothi lizionekerabe.

Pothirira bedi latsopano musagwiritse ntchito ndowa kapena keni yopanda chotsekera cha timabowo, madzi amphamvu amakokolola njere n'kuziunjika pakona. Boolani chitini ndi msomali waung'ono, timabowo tambiri, muzithirira nacho chapafupi ndi nthaka. Pamwamba pa bedi pasaume mpaka njere zitamera. Kuti chinyezi chisathe msanga, yalani udzu wouma wopanda njere, koma mopyapyala, woti mukayang'ana muziona dothi. Njere zimamera pakati pa masiku 7 ndi 14. Tsiku limene mwaona timasamba tiwiri toyamba, chotsani udzuwo mosamala. Mukausiya, mbande zimatalika moyera ndi kufooka.

Chifukwa chiyani tikukana nazale? Mizu ya godetia ndi yanthete ndipo ikasokonezedwa sichira msanga. Mbande yozulidwa n'kuwokeredwa imanyentchera, imafulumira kuchita kaduwa kamodzi ili yaifupi, apo ayi imafa. Ngati mukufunitsitsa kuyambira pena, mwina chifukwa bedi lidakali ndi ndiwo, fesani njere zitatu kapena zinayi m'timachubu ta mitengo, musiye mbande imodzi, ndipo ikafika masamba anayi ng'ambani chubu n'kubzala ndi dothi lake lonse losaphwanyika.

Amene alibe malo angathe kufesa m'ndowa yakutha, m'beseni lobooka kapena m'chigubu chodula pakati. Chikhale chozama masentimita 20 kapena kuposa, chokhala ndi mabowo pansi, ndipo mufesemo godetia wamfupi.

Kupatulira ndi kutsina

Mbande zikafika masentimita 5, patulirani. Siyani imodzi pa masentimita 15 mpaka 20 aliwonse kwa wamfupi, ndi 20 mpaka 25 kwa wamtali. Dzanja limalemera kuchotsa mbande zabwinobwino, koma zothinana zimagwidwa chuku chifukwa mphepo sidutsa pakati. Popatulira ndi bwino kudula ndi chikhadabo kapena lumo pa tsinde, kusiyana n'kuzula, kuti mizu ya yotsalayo isagwedezeke.

Zikafika masentimita 10, tsinani kansonga kapamwamba. Mbewuyo imatulutsa nthambi zinayi kapena zisanu m'malo mwa tsinde limodzi, ndipo nthambi iliyonse idzakhala ndi maluwa ake. Maluwa amachedwerapo pang'ono koma amachuluka. Ngati cholinga chanu ndi mapesi aatali oika m'botolo, mzere umodzi muusiye wosatsina.

Godetia wamtali amafuna chomuchirikiza. Zikani tinthambi touma ta mphanda pakati pa mbewu zikadali zazifupi, zidzakulira m'menemo zokha. Njira ina ndi kuzika nsungwi m'makona a bedi n'kudutsitsa luzi kapena chingwe cha thumba, mizere iwiri, wina pa masentimita 20 wina pa 40. Kudikira kuti zigwe kaye ndiye muzidzutse sikuthandiza, tsinde likapindika silibwerera.

Udzu zulani ndi manja udakali waung'ono. Khasu lisafike pafupi ndi tsinde.

Madzi

Mbande zikakhazikika, chepetsani madzi. Mu Juni ndi Julaye kuthirira kawiri kapena katatu pa sabata kumakwana. Mu Ogasiti ndi Seputembala, dzuwa ndi mphepo zikakula, mwina mudzafunika kuthirira modumphitsa tsiku limodzi. Koma muyeso weniweni ndi chala chanu. Chilowetseni m'nthaka mpaka pa mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, dikirani. Mukamva kuuma, thirirani mokwanira kuti madzi atsike kumizu.

Thirirani m'mawa, pansi pa mbewu, osati pamwamba pa masamba ndi maluwa. Masamba akagona onyowa usiku wozizira, matenda amalowa, ndipo duwa lonyowetsedwa limachita mawanga. Tikudziwa kuti m'chilimwe madzi amachokera kutali, pamjigo pali mzere, ndipo otunga ake ndi amayi ndi ana. N'chifukwa chake tikunena za bedi laling'ono. Madzi otsukira ndiwo, mpunga kapena mbatata ndi abwino kwa maluwa. A sopo wochapira zovala ndi a mchere atayeni kwina. Mbewu zikafika masentimita 15, yalani udzu wouma kapena makoko a nyemba pakati pa mizere kuti nthaka isaume msanga, koma zisakhudze tsinde, ndipo muziyang'ana chiswe.

Zovuta zimene mungakumane nazo

Vuto lalikulu ndi kuwola. Mbande zazing'ono zimawonda pa tsinde pomwe pakhudza nthaka, n'kugwa ngati zadulidwa. Zikuluzikulu zimafota ngakhale nthaka ili yonyowa, ndipo mukazula mupeza mizu yakuda. Gwero lake ndi madzi ochuluka, kuthinana, kapena manyowa osawolerana. Mankhwala ogula sangadzutse mbewu yotere. Zulani zodwalazo, kazitayeni kutali kapena muzitenthe, lekani kuthirira masiku angapo, ndipo chaka chamawa musinthe malo.

Nthawi ya nkhungu ndi mame ambiri mungaone chuku chotuwa pa masamba ndi maluwa ofota, kapena timadontho ta dzimbiri kunsi kwa masamba. Thyolani masamba ogwidwawo msanga ndipo muonetsetse kuti mphepo ikudutsa.

Nsabwe za zomera, zomwe zija mumaziona pa kabichi ndi mpiru, zimaunjikana ku nsonga zanthete. Zikakhala zochepa, zifinyeni ndi zala. Zikachuluka, sinjani masamba a nimu kapena a ombwe, muwaviike m'madzi usiku wonse, sefani, onjezerani kachidutswa ka sopo wamtanda wosungunula, n'kuwaza madzulo njuchi zitapita. Ombwe amapha nsomba, choncho zotsala zake ndi madzi otsukira chitini musataye mumtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba. Mankhwala amphamvu a tomato ndi mbatatesi asafike pa bedi la pakhomo pamene ana amasewera ndi nkhuku zimadya.

Mukapeza m'mawa mbande yadulidwa mwaukhondo pa tsinde, fukulani pang'ono ndi chala mozungulira. Mupeza mbozi yotuwa itadzipinda m'nthaka. Ipatseni nkhuku.

Kuthyola ndi kugwiritsa ntchito

Maluwa akayamba, bedi limakhala lokongola kwa masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi, ndipo nthawiyi imatalika mukamachotsa maluwa ofota asanapange njere. Imeneyi ndi ntchito yabwino kwa ana, ndipo amaphunzirapo kugwira mbewu mofatsa. Njuchi zimabwera zambiri pa godetia, m'miyezi imene maluwa akutchire ndi osowa, ndipo amene ali ndi ming'oma kapena maungu a kudimba apindula nazo.

Pothyola a m'nyumba, pitani m'mawa dzuwa lisanakwere, ndowa ya madzi ili m'manja. Dulani ndi mpeni wakuthwa nthambi imene duwa limodzi kapena awiri atseguka, ena akadali mphukira. Phululani masamba a m'munsi onse amene angamire, ikani m'madzi nthawi yomweyo, ndipo muwasiye pamthunzi maola angapo. M'botolo kapena mumtsuko, madzi oyera okha ndi okwanira. Asintheni pakapita masiku awiri n'kudulako kunsi kwa tsinde pang'ono. Mukatero amakhala sabata yathunthu kapena kupitirira, mphukira zija zikutseguka imodzi imodzi.

Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala ndi ya maukwati ndi zinkhoswe, ndipo matchalitchi amafuna maluwa a kuguwa Lamulungu lililonse. Ambiri masiku ano amakongoletsa ndi maluwa a pulasitiki chifukwa enieni sapezeka m'chilimwe. Banja kapena gulu la amayi a mpingo limene lili ndi mabedi awiri lingathe kutseka mpata umenewu. Za malonda tinene mosabisa: msika wa maluwa kuno ndi waung'ono, ndipo godetia sachedwa kufota akakhala padzuwa pamsewu monga amakhalira tomato. Musachotse ndiwo m'dimba kuti mudzaze maluwa. Yambani ndi bedi la pakhomo, muonetse okongoletsa maukwati ndi a malo ogona alendo pa boma la Ntcheu, ndipo muonjezere pokhapokha wina atanena kuti adzagula. Ponyamula, mapesi akhale m'ndowa ya madzi pang'ono, pamwamba mutaphimba ndi chitenje chopepuka.

Mbewu ya chaka chamawa

Mbewu yoyamba muifunse m'masitolo a mbewu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, m'gawo la timapaketi ta maluwa, ndipo muyang'ane tsiku lothera ntchito lolembedwa kumbuyo. Popeza tili pachipata cha m'malire, tikumbutsane kuti kulowetsa mbewu kapena mbande kuchokera kunja kwa dziko kumafuna chilolezo cha Unduna wa Zamalimidwe, pofuna kuteteza minda yathu ku matenda ndi tizilombo tachilendo. Alangizi a m'dera lanu angakuuzeni njira yake. Mukalephera kupeza godetia, calendula ndi sweet pea amafesedwa m'miyezi yomweyi ndipo amakondanso kuzizira, kungoti sweet pea amafuna manyowa ambiri ndi poyanga.

Mukapeza mbewu kamodzi, simufunikanso kugula. Sankhani mbewu zitatu kapena zinayi zamphamvu, za mtundu umene mwaukonda, muzimange kansalu, ndipo pa zimenezi musathyole duwa. Duwa likayoyoka pamatsala kachikoko kowonda, kotalika masentimita awiri kapena atatu. Kakasanduka kofiirira n'kuyamba kung'ambika kunsonga m'magawo anayi, nthawi yakwana. Mukachedwa masiku ochepa njere zimatayikira pansi. Dulani nthambi yonse, ilowetseni chozondoka m'thumba la pepala, pachikani pakhonde pamthunzi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako gwedezani. Khuthulirani m'lichero loyalamo nyuzipepala, uzirani pang'onopang'ono kuti zinyalala zichoke, pakuti mukapeta ngati chimanga njere zimauluka nazo limodzi.

Sungani njere mu envelopu, lembanipo mtundu ndi chaka, ikani m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi kamfundo ka phulusa louma kapena makala oti azimwa chinyezi cha dzinja. Botolo likhale m'chipinda chozizira, kutali ndi moto wa kukhitchini ndi malata otentha. Ngati pa paketi yoyamba panalembedwa F1, ndiye kuti ndi haibulidi, ndipo ana ake satengera ndendende mtundu ndi msinkhu wa kholo, ngakhale amachitabe maluwa abwino. Gawanani njere ndi anansi awiri kapena atatu, kuti bedi la mmodzi likadyedwa ndi mbuzi mbewu isathe m'mudzi.

Mu Okutobala mbewu zikauma, zulani mapesi muwaponye pa kompositi, kupatula odwala aja. Bedilo mubzalepo nyemba kapena bonongwe mvula ikagwa. Njere zina zotayika zidzamera zokha ndi mvula yoyamba, koma zimenezo musazidalire, zambiri zimawola mu Januwale. Za m'botolo ndi zimene mudzafese mu Epulo, pa bedi lina.